Mukatola phale lakale m'munda, muzitani?

Aliyense amene anagwirapo khasu anakumanapo nazo izi. Mukulima, khasu lagunda chinthu cholimba, mukachizula n'kupeza kuti ndi phale la mphika, mwina lili ndi timizere tokongola m'mphepete mwa mlomo wake. Ambiri amangoliponya kumalire a munda n'kupitiriza ndime. Ena amalipukuta n'kupita nalo kunyumba kukaonetsa anzawo. Zonse ziwirizi zimaoneka zopanda vuto, koma kwa katswiri wofukula zinthu zakale, phale lomwe lachoka pamalo pake popanda wolemba pomwe linali latha kale mawu. Akhoza kukuuzani kuti ndi lokongola, koma za zaka zake ndi za anthu amene anaumba mphikawo, zambiri zatayika.

Ine ndimaphunzitsa fizikisi, ndiye mwina mukudabwa kuti za mapale zandikhudza pati. Zandikhudza chifukwa njira zomwe akatswiriwa amadziwira zaka za chinthu ndi fizikisi yomwe timaphunzira m'kalasi ija: maatomu, cheza, maelekitironi ndi half-life. Ndipo mukamvetsa mmene njirazi zimagwirira ntchito, mudzaona nokha chifukwa chake akatswiri amalimbikira kuyenda m'masukulu ndi m'midzi kuphunzitsa anthu. Nthawi zambiri woyamba kuona chinthu chakale sakhala pulofesa ayi. Amakhala mlimi, woumba njerwa, wokumba chimbudzi, wokumba mchenga, kapena mwana wasukulu wodutsa m'chigwembe chomwe madzi akokolola. Zomwe munthu ameneyu achite m'mphindi zoyambirira ndi zomwe zimagamula ngati sayansi ipezapo kanthu kapena ayi.

Ofukula zakale amafuna chiyani kwenikweni?

Phunziro lofufuza moyo wa anthu akale kudzera m'zinthu zomwe anasiya limatchedwa archaeology. Musalisokoneze ndi palaeontology, lomwe limafufuza zamoyo zakale kwambiri kudzera m'mafupa osanduka miyala, monga a dinosaur. Maphunziro awiriwa amabwerekana zida ndi nzeru, koma la archaeology maso ake ali pa anthu: ankadya chiyani, ankapanga zida zotani, ankachita malonda ndi ndani, ankaika bwanji maliro.

Anthu ambiri akaona akatswiri akukumba amaganiza kuti akusaka golide kapena ndalama zokwiriridwa. Mukapita pafupi mungakhumudwe. Mudzapeza anthu atamanga zingwe m'mabwalo a mita imodzi mbali zonse, akupala dothi pang'onopang'ono ndi kachipande konga ka amisiri omanga nyumba, akusesa ndi bulashi, akusefa dothi lonse, n'kumasangalala atapeza kakhala kakang'ono ngati njere ya chimanga. Chilichonse amachiyeza kuya kwake, amachijambula, amachilemba m'buku, kenako n'kuchiika m'kathumba kokhala ndi nambala. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amadekha chonchi chifukwa kukumba n'kuwononga: malo ukawakumba kamodzi sungawakumbenso kachiwiri. Chomwe chimatsala ndi zolemba zija basi.

Lamulo la kudzala

Njira yoyamba yodziwira zaka sifuna makina alionse. Taganizirani dzala la kunyumba kwanu. Zinyalala za chaka chatha zili pansi, za mwezi watha zili pakati, za dzulo zili pamwamba. Munthu atadula dzalalo mosamala kuchokera pamwamba kufika pansi, angawerenge mbiri ya banja lanu: apa munkadya mango, apa panali ukwati chifukwa mafupa a nkhuku ndi ambiri, apa ndi pomwe munatayira mbale yosweka ija. Dothi la m'phanga kapena la pamudzi wakale limasanjikizana chimodzimodzi. Chomwe chili m'gawo lapansi chinafika kale kuposa chomwe chili m'gawo lapamwamba, pokhapokha ngati china chake chinavundula dothilo, monga chiswe, mizu ya mitengo, nyama zokumba mauna kapena munthu wa khasu.

Kuchokera pamenepa pakutuluka mfundo yachiwiri. Zinthu zopezeka m'gawo limodzi losavundulidwa ndi za nyengo imodzi. Phale palokha ndi lovuta kuliyeza zaka, koma ngati linagona limodzi ndi makala a pamoto womwe ankaphikirapo, tikayeza makalawo tadziwanso zaka za phalelo. Ndi mmene akatswiri anasanjira mitundu ya miphika yakale ya kuno kwathu. Yomwe imatchedwa Nkope, potengera malo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndi ya alimi oyambirira odziwa kusula chitsulo, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mitundu ina monga Kapeni ndi Mawudzu inabwera pambuyo pake. Mwaonatu chifukwa chake kuzula phale n'kulisiyanitsa ndi makala ake kuli ngati kung'amba tsamba m'buku n'kutaya nambala ya tsambalo.

Wotchi ya m'makala

Tsopano tilowe m'fizikisi yeniyeni. Kaboni wambiri wa m'thupi mwanu ndi kaboni-12, wokhala ndi mapulotoni 6 ndi manyutironi 6. Ameneyu ndi wokhazikika, sasintha. Koma kumwamba kwenikweni mumlengalenga, cheza chochokera kuthambo chimagunda maatomu a mpweya n'kutulutsa manyutironi. Nyutironi ikagunda atomu ya naitirojeni-14, imalowa n'kukankhira kunja pulotoni imodzi, ndipo atomuyo imasanduka kaboni-14, wokhala ndi mapulotoni 6 ndi manyutironi 8. Kaboni-14 ameneyu amaphatikana ndi okosijeni kukhala kaboni dayokisaidi. Zomera zimamutenga popanga chakudya chake, mbuzi imadya zomerazo, inu n'kudya mbuziyo pamodzi ndi nsima. Choncho chamoyo chilichonse chili ndi kaboni-14 pang'ono. Ndikati pang'ono ndikunena zoona: pa maatomu a kaboni 1,000,000,000,000, pafupifupi imodzi yokha ndi imene ili ya kaboni-14.

Kaboni-14 ndi wosakhazikika. Pakapita nthawi, nyutironi imodzi imasanduka pulotoni, elekitironi n'kuthawa mothamanga, yomwe m'kalasi timaitcha beta particle ija, ndipo atomuyo imabwerera kukhala naitirojeni-14. Chamoyo chikakhala ndi moyo chimabwezeretsa kaboni-14 wotayikayo kudzera m'chakudya, ndiye mlingo wake susintha kwenikweni. Chikafa, kubwezeretsa kumatha, koma kuchepa kumapitirira. Apa m'pomwe wotchi imayambira kuyenda.

Half-life ya kaboni-14 ndi zaka pafupifupi 5,730. Kutanthauza kuti pakatha zaka 5,730 amatsala theka, pakatha zaka 11,460 amatsala gawo limodzi mwa magawo 4, pakatha zaka 17,190 amatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Labotale ikayeza khala n'kupeza kuti kaboni-14 watsala gawo limodzi mwa magawo 4 a mlingo wa mtengo wamoyo, ndiye kuti papita ma half-life awiri, zaka pafupifupi 11,460 chifere mtengowo. Njirayi anaitulukira ndi Willard Libby wa ku America ndi anzake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1960 analandira nayo mphoto ya Nobel.

Pali zinthu zitatu zoti muzikumbukira. Choyamba, njirayi imagwira pa zinthu zomwe zinali zamoyo zokha: makala, mafupa, njere, zigoba za nkhono, zikopa. Mwala kapena chitsulo chopanda kaboni wa chamoyo sichitheka. Chachiwiri, imatiuza nthawi yomwe chamoyocho chinasiya kutenga kaboni, osati tsiku lomwe munthu anachigwiritsa ntchito, n'chifukwa chake akatswiri amakonda njere kapena timitengo tating'ono kusiyana ndi thunthu la mtengo womwe unakhala zaka mazana. Chachitatu, mlingo wa kaboni-14 mumlengalenga sunali wofanana nthawi zonse, ndiye zotsatira za labotale amazikonza poziyerekeza ndi mizere ya zaka ya m'mitengo yakale, yomwe imawerengeka umodziumodzi. Kupitirira zaka pafupifupi 50,000, kaboni-14 amakhala atachepetsetsa moti wotchiyi siithandizanso.

Yesani nokha m'kalasi

Half-life imamveka bwino ukaiona ndi maso. Dulani timakadi 128 tofanana kuchokera ku katoni yakale, kalikonse mukalembe chizindikiro mbali imodzi yokha. Ikani tonse m'chidebe, khutchumulani, n'kukhuthulira patebulo. Tomwe tagwa chizindikiro chili pamwamba tichotseni, amenewo ndi maatomu omwe asanduka naitirojeni. Werengani totsala, lembani, bwerezani. Mudzapeza manambala oyandikira 64, 32, 16, 8, koma osati ndendende. Jambulani girafu, kukhuthula kulikonse kuimire zaka 5,730.

Muonetsetse zomwe zimachitika kumapeto. Timakadi tikatsala 4 kapena 3, zotsatira zimangolumphalumpha, mwina tonse tichoka kamodzi, mwina palibe kochoka. Palibe amene anganene kuti atomu iyi isintha liti, koma maatomu akachuluka, gulu lonse limatsata lamulo. Ndi chifukwa chake zaka zochokera ku labotale zimalembedwa ndi chizindikiro cha ± kutsogolo kwake, ndiponso ndi chifukwa chake zinthu zakale kwambiri zimavuta kuyeza.

Kaboni wachilendo

Apa ndi pomwe manja athu amalowerera. Tiyerekeze kuti khala lili ndi zaka 40,000. Amenewa ndi ma half-life pafupifupi 7, ndiye kaboni-14 watsala pafupifupi 0.8 peresenti. Tsopano m'khalamo mulowe kaboni wa lero wokwana 1 peresenti yokha, kaya kuchokera ku phulusa la moto watsopano, timizu, mafuta a m'manja kapena guluu. Labotale ipeza pafupifupi 1.8 peresenti, ndipo mukawerengera mupeza zaka pafupifupi 33,000. Zaka 7,000 zasowa chifukwa cha kachidetso komwe maso sangakaone n'komwe. Ma labotale amatsuka zinthu ndi mankhwala asanaziyeze, koma si zonse zimene zimachoka. Ndiye mukamva katswiri akuti musagwiregwire makala kapena mafupa, musamuone ngati wamwano. Akuteteza wotchi.

Mchenga womwe umaopa dzuwa

Nanga ngati malo ndi akale kuposa zaka 50,000? Pali wotchi ina, ndipo iyi ine imandisangalatsa kwambiri. M'dothi lililonse muli uranium, thorium ndi potaziyamu pang'ono, zomwe zimatulutsa cheza chochepa usana ndi usiku. Chezachi chikagunda timchenga ta quartz, chimasuntha maelekitironi ena n'kuwasiya atakodwa m'timipata ta mkati mwa kamchengako. Zaka zikamapita, okodwawo amachuluka. Kuwala kwa dzuwa kukangofika pa kamchengako, maelekitironi aja amamasuka, wotchi n'kubwerera pa ziro. Ku labotale, akatswiri amawalitsa mchengawo ndi kuwala kwapadera n'kuyeza kuwala kofooka komwe maelekitironi amatulutsa pomasuka. Akagawa cheza chonse chomwe mchengawo unalandira ndi cheza chomwe dothilo limapereka pachaka, amapeza zaka zomwe zapita chionere dzuwa komaliza. Njirayi amaitcha OSL.

N'chifukwa chake potenga mchenga wotere amakhomera paipi m'khoma la dzenje, n'kutseka mbali zonse msangamsanga, ndipo amakaitsegulira m'chipinda cha nyale yofiira yofooka. Njira imeneyi yagwira ntchito ku Karonga, komwe kuli zida zamiyala zambirimbiri. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Jessica Thompson, yemwe anasindikizidwa mu 2021, anaonetsa kuti anthu analipo kumeneko zaka pafupifupi 92,000 zapitazo, ndiponso kuti moto womwe ankatentha tchire unasintha zomera za m'deralo. Tsono taganizani: munthu wachidwi atakumba malo oterewa masana kuti aone zomwe zili pansi, m'kanthawi kochepa dzuwa lafufuta wotchi yomwe inayenda zaka masauzande.

Kuchokera ku Uraha kufika kumyuziyamu

Ku Karonga komweko, pamalo otchedwa Uraha, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America linapeza chibwano cha munthu wakalekale mu 1991. Chibwanochi chili ndi nambala yoti UR 501, chimaikidwa m'gulu la Homo rudolfensis, ndipo chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Apa kaboni-14 sangathandize, OSL ngakhalenso. Zaka zake anazidziwa poyang'ana mafupa a nyama zomwe zinali m'gawo limodzi la dothi, monga nkhumba zam'tchire zakale, n'kuwayerekeza ndi a ku East Africa komwe phulusa la mapiri ophulika linayezedwa zaka ndi njira zina za cheza. Mwaonanso? Yankho linachokera ku zomwe zinagona pafupi ndi chibwanocho.

Chomwe chinatsatira n'chofunika pa nkhani yathu. Zinthu zotere zikangotengedwa kupita ku mayunivesite akutali, anthu a m'deralo amatsala akungomva mphekesera. Ku Karonga kunamangidwa malo osungirako zakale ndi chikhalidwe, Cultural and Museum Centre Karonga, omwe anatsegulidwa mu 2004. Mukalowamo mumaona chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, dinosaur wodya zomera yemwe anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, n'kuyenda ndi mbiri kudutsa anthu oyambirira mpaka nthawi ya ufulu wa zipani zambiri. M'boma lomweli mulinso wailesi ya m'dera yotchedwa Radio Dinosaur. Mwana wa ku Karonga amene waona zinthuzi ndi maso ake sangaponye fupa lachilendo m'mtsinje, amadziwa koti akanene. Kwa inu a kum'mwera, myuziyamu ya ku Chichiri mu Blantyre ndi ya ku Mangochi zili pafupi, ndipo a pakati muli ndi ya Chamare ku Mua.

Agogo ndi labotale

Musaganize kuti nzeru zimayenda njira imodzi, kuchoka kwa akatswiri kupita kumudzi. Mbiri yapakamwa ya Achewa inasunga dzina la Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, ngati likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wa kuno kwathu, Dr. Yusuf Juwayeyi, anafukula malowa ndipo anapeza mapale ochuluka, mafupa a nyama, zinthu zachitsulo ndi zamkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu, ngakhalenso zidutswa za mbale za ku China. Buku lake lofotokoza zonsezi linatuluka mu 2020. Zofukulidwazi zikuonetsa kuti zaka mazana angapo zapitazo, Atsamunda asanafike, mudzi umenewu unali wolumikizana ndi malonda a m'nyanja ya Indian Ocean.

Taonani mmene mbali ziwirizi zinathandizirana. Akuluakulu anasunga dzina ndi nkhani ya malo, koma nkhani yapakamwa siisunga bwino manambala a zaka. Labotale imapereka zaka, koma khala silingakuuzeni kuti mfumu ya pano inali Kalonga. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Gogo wanu amene amadziwa pomwe panali mudzi wakale, pomwe panali ng'anjo yosungunulira chitsulo, kapena pomwe ankathira nsembe yopempha mvula, ali ndi mapu omwe palibe setilaiti ingajambule.

Nkhani ya mafupa a anthu ndiye imafuna kumvana kwambiri. Kuphiri la Hora ku Mzimba kunapezeka mafupa a makanda awiri a zaka zoposa 14,000, ndipo DNA yawo, yomwe inalengezedwa mu 2022, ili m'gulu la DNA yakale kwambiri yomwe yawerengedwapo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ntchito yotere siyambika popanda chilolezo cha boma ndi kukambirana ndi mafumu. Kumbali ya sayansi, DNA ya m'thukuta la munthu wogwira fupa ndi manja imatha kusokoneza zotsatira. Kumbali ya umunthu, amenewa ndi maliro a anthu. Mbali zonse ziwiri zikunena chimodzi: osagwira.

Zojambula za ku Chongoni

M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira, zomwe zambiri ndi mizere ndi zozungulira, zimagwirizanitsidwa ndi Akafula kapena kuti Abatwa, alenje omwe analipo alimi asanafike. Zoyera zambiri ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau, ndipo zina zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu.

Utoto wofiirawo ndi wa dothi lokhala ndi chitsulo chadzimbiri, woyerawo ndi wa dongo loyera. Zonsezi si zamoyo, ndiye kuziyeza ndi kaboni-14 n'kovuta, ndipo kakaboni kochepa komwe kangapezekemo n'kosavuta kukadetsa. Mdani wamkulu wa zojambulazi ndi ife alendo. Wina amalemba dzina lake ndi khala kapena choko kuti anzake adziwe kuti anafikako. Wina amathira madzi kuti mtundu uwale pojambula ndi foni, osadziwa kuti madziwo amasungunula mchere wa m'mwala, ndipo ukamauma umatukula utoto. Wina amasonkha moto m'phanga, mwaye n'kukuta khoma, kutentha n'kusenda mwala. Chojambula chomwe chapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo chimatha tsiku limodzi la ulendo wa sukulu wopanda wowongolera.

Dziwaninso kuti malo ena ndi opatulika kwa eni dera mpaka lero, ndipo matanthauzo a zojambula zina ndi a anthu olowa mwambo okha. Wophunzira wanzeru amayamba wapita kwa amfumu, amayenda ndi wowongolera wa m'deralo, ndipo akauzidwa kuti ichi sitifotokoza, amavomera.

Zomwe sukulu yanu ingachite

Simufunika kukumba kuti muthandize, ndipotu kukumba malo akale popanda chilolezo n'kulakwira lamulo la Monuments and Relics Act. Koma ntchito yoti kalabu ya sayansi kapena ya mbiri igwire ilipo yambiri.

Yambani ndi mapu. Pemphani chilolezo kwa ahedi ndi kwa amfumu, kenako chezani ndi akuluakulu awiriawiri, wina kufunsa wina kulemba. Afunseni za midzi yakale, mapanga, ng'anjo, njira zakale ndi matanthauzo a mayina a malo. Lembani dzina la malo, amene wakuuzani ndi tsiku. Mukamaliza kawawerengereni zomwe mwalemba kuti akonze molakwika, n'kusiya kope kwa amfumu. Mapu oonetsa malo enieni musawamwaze pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa osaka chuma nawonso amawerenga.

Ngati manja akuyabwa kufuna kukumba, pangani dzenje lophunzirira. Gulu limodzi lisanje m'bokosi lalikulu dothi la mitundu itatu, m'gawo lililonse n'kuikamo zinthu za lero: zitsekerero za mabotolo, makala, mafupa a nsomba, zidutswa za mphika womwe wasweka kunyumba. Gulu lina lifukule gawo ndi gawo, likuyeza kuya ndi lula, likujambula, kenako lifotokoze zomwe zinayamba ndi zomwe zinatsatira. Bokosi lachiwiri livundulidwe ndi khasu, gulu lachitatu liyese kufotokoza. Kusiyana kwa malipoti awiriwo ndiye phunziro lonse.

Pomaliza, zomwe mwaphunzira zibwerere kumudzi. Pa tsiku la makolo onetsani girafu ya timakadi ija, mapu anu ndi mabokosi awiri aja, m'chilankhulo chomwe agogo amva. Woumba njerwa akamvetsa chifukwa chake makala ndi phale siziyenera kusiyana, mwapeza mlonda wa malo akale amene amakhala pomwepo chaka chonse.

Mukapeza chinthu

Tinene kuti mwaona mapale ambiri pamodzi, mikanda, miyala yosemedwa ngati mipeni, zotsalira za ng'anjo kapena mafupa akutuluka m'khoma la chigwembe. Siyani kukumba pomwepo. Musazule, musatsuke, musamate zosweka. Ngati pali foni, jambulani chinthucho chili pamalo pake, pambali pake mutaika lula kapena cholembera kuti kukula kwake kudziwike, kenako jambulani malo onse muli chapatali kuti mtengo, mwala kapena phiri lioneke. Lembani tsiku, mudzi ndi kuya kwake. Uzani mwini munda, aphunzitsi ndi amfumu, ndipo iwo adziwitse a Dipatimenti ya Museums and Monuments kapena myuziyamu yapafupi. Akakhala mafupa a munthu, apolisi ayenera kudziwa, chifukwa si inu woti mugamule ngati ndi akale kapena a posachedwa. Ngati khasu lazula kale chinthucho, musataye mtima: chisungeni chouma m'kathumba kakekake pamodzi ndi kapepala konena pomwe chinachokera, ndipo pamalopo ikanipo chizindikiro.

Kwa amene mukuganiza za ntchito ya m'tsogolo, dziwani kuti phunziroli limafuna anthu a fizikisi oyeza zaka, a kemisitiri ofufuza zotsalira za chakudya m'miphika, a bayoloje odziwa mafupa ndi njere, a jogalafe ojambula mapu, ndi a mbiri odziwa kucheza ndi akuluakulu. Malo ambiri m'dziko muno sanafufuzidwebe, ndipo mvula, misewu ndi njerwa sizidikira.

Ndikusiyireni ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya masamu: khala lapezeka m'phanga lili ndi kaboni-14 wokwana 12.5 peresenti ya mlingo wa mtengo wamoyo. Papita ma half-life angati, ndipo ndi zaka zingati? Nanga ndi zinthu ziwiri ziti zomwe mungafune kudziwa za pomwe khalalo linagona musanakhulupirire kuti mkanda wopezeka pafupi nalo uli ndi zaka zomwezo? Yachiwiri ndi ya miyendo: sabata ino pezani munthu wamkulu kwambiri m'dera lanu, mukhale naye pansi mwaulemu, mumufunse dzina limodzi la malo ndi chiyambi chake. Mulembe zomwe anene mawu ndi mawu, ndi tsiku lomwe, n'kupita nazo kwa aphunzitsi anu a mbiri kapena a sayansi.